Mulungu wachinyengo ndi mdima wa gemu yathu akukanika kuumbika, thandizani

Wamadayisi: Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani yachilendo pang'ono, chonde musandiseke. Ena mukudziwa kale kuti Loweruka lililonse timakumana anthu asanu kwathu ku Turffontein n'kumasewera gemu ya nthano ija, yoponya madayisi. Kwa amene simunaionepo: palibe mpira, palibe kompyuta, ndi tebulo, mapepala ndi pakamwa basi. Mmodzi amakhala mwini nthano, ndiye ineyo. Enawo aliyense ali ndi munthu wake m'nthanomo, wina mlenje, wina sing'anga, wina wosula makasu. Ndikati "mwafika pamtsinje, madzi asefukira, kumbuyo kukubwera adani," iwo amanena chomwe achite, kenako timaponya dayisi ya mbali 20 kuti tione ngati zatheka. Zinayambira ku America mu 1974 ndi gemu yotchedwa Dungeons & Dragons. Ifeyo tinatopa nazo za mafumu a ku Ulaya ndi malinga awo, ndiye chaka chino ndinajambula dziko lofanana ndi kwathu: nyanja yaitali, madambo, mapiri, amalonda a mchere ndi makasu. Milungu ndaumba kale 6, wa mvula, wa ng'anjo, wa maliro, choncho. Watsala mmodzi, woipa uja, wachinyengo ndi mdima. Ndalemba masamba atatu, koma ndikawerenga ndikungoona Satana wa pachithunzi cha Sande sukulu: nyanga, mchira, maso psuu. Nachisale wanena kale kuti ngati ndi ameneyo Loweruka lino sabwera. Ndibwerekeni nzeru.

Dolo wa Yeoville: Mulungu wa mdima mukuchita kumuumba? Bwerani kwathu kuno 6 koloko madzulo, amafika yekha osaitanidwa, nsima ili pa stovu isanapse kkkkk

Mai a Tadala: Iwe mwanangu, unabwera ku Joni kudzasaka ndalama kapena kudzaumba mafano? Mulungu ndi mmodzi. Mayi ako ku Kasungu akudziwa kuti Loweruka umakhalira zimenezi?

Wamadayisi: Anti, sitipembedza ayi, sitithira nsembe. Ndi nthano chabe, ngati za Kalulu ndi Fisi zomwe munkatiuza inu nomwe. Kusiyana kwake n'koti apa omvera sangoti "tili tonse," amalowamo okha m'nkhanimo.

Mai a Tadala: Kalulu sitinamutchulepo mulungu ife.

Admin: Nkhaniyi ndi yololedwa, koma tilemekezane. Wonyoza chipembedzo cha mnzake ndimutulutsa.

Aphunzitsi: Mphwanga, ine ndili pa geti usiku uno ku Randburg, nthawi ndili nayo mpaka m'mawa, ndiye ndilole nditalikitse. Ndikuona chomwe chikukukanika. Ukufuna kudzala mtengo wa kwina m'dothi la kwathu. Makolo athu analibe mulungu woipa wolimbana ndi wabwino. Tenga maina onse: Chauta, Namalenga, Mphambe, Leza, Chisumphi. Si gulu la milungu limenelo, ndi mmodzi yemweyo, kumutchula monga mwa ntchito zake. Mphambe yemwe amang'amba mtengo ndi mphezi ndi yemwenso amagwetsa mvula yodzalira. Ndiye taona mmene imfa inabwerera. Chauta anatuma Bilimankhwe kuti akauze anthu kuti akafa adzadzukanso. Bilimankhwe ndi kayendedwe kake kaja, phazi limodzi lero, lina mawa. Buluzi ananyamuka pambuyo ndi uthenga woti akafa afa basi, ndipo anafika ndi iyeyo poyamba. Palibe chiwembu pamenepo, palibe mdani. Ndi kuchedwa chabe. Anzathu Achizulu kuno ali nayo nthano yomweyi, amati unwabu ndi intulo, ukawafunse kuntchito. Ngakhale za ku Kaphirintiwa, Chauta sanathamangitsidwe ndi mdani wake ayi. Anthu anapeka moto, tchire linapsa, iye anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Tsono choipa chikagwa pamudzi ankaloza kuti? Kwa mfiti, kwa mizimu yokwiya chifukwa mwaiiwala, kapena kwa munthu amene wadula mnzake posasunga mwambo. Zonsezo ndi za anthu, za pakhomo.

Nachisale: Ndimanena zomwezo ine, Aphunzitsi, koma iyeyu makani. Ndipo taonani, kangaude wa kwathu ndi amene anapulumutsa Chauta, pomwe m'gemu ya azungu ija kangaude ndi mulungu wamkazi woipa, dzina lake Lolth, wokhala kunsi kwa nthaka ndi anthu ake akhungu lakuda. Ndinamuuza kuti akangokopera zimenezo ine ndatuluka.

Wamadayisi: Nanga zoti pali wa kuunika ndi wa mdima omenyana zinachokera kuti?

Aphunzitsi: Komwe zinamveka mwamphamvu ndi ku Persia, Iran ya lero, m'chiphunzitso cha Zarathustra. Kumeneko kuli Ahura Mazda, mwini choonadi ndi kuwala, ndi mdani wake Angra Mainyu, yemwe pambuyo pake ankamuti Ahriman. Chida chake chachikulu si mkondo, ndi Druj, kutanthauza Bodza. Mfumu Dariyo, yemwe uja timamuwerenga m'buku la Ezara, atagonjetsa omuukira analemba pathanthwe la Behistun kuti chomwe chinawapandutsa ndi Bodza. Ngati ukufuna woipa weniweni wopanda kabwino ngakhale kamodzi, ndi ameneyo. Koma m'nthano sakoma. Munthu amene ukudziwa kale kuti ndi wabodza sangakunamize.

Transporter Lachisanu: Tikunyamuka Lachisanu, Blantyre, Lilongwe, Mzuzu. Mafiriji, mabedi, njinga, zonse timanyamula. Inbox.

Admin: Bwana, zamalonda ndi Lolemba. Kachiwiri aka.

Mmang'anja: Aphunzitsi ayankhula bwino, koma aiwala kumunsi kwathu, monga amachitira anthu a pakati nthawi zonse. Chiwembu chachikulu m'mbiri ya zauzimu kwathu chilipo, ndi cha Mbona. Mmene ndinamvera kwa agogo anga ku Nsanje: kunagwa chilala, Mlauli, amalume ake a Mbona, anavina kuti mvula igwe, osatheka. Mbona, mnyamata, mwana wa mlongo wawo, atavina mvula inagwa. Basi nsanje inayambira pomwepo. Mbona anathawa kulowera kummwera, adani ali pambuyo. Atamupeza, mikondo ndi mipeni zinakanika kumulasa, mpaka iye mwini anawauza kuti chomwe chingamuphe ndi kabango kakuthwa. Anamudula mutu, magazi ake anayenda ngati mtsinje, mutuwo anakauika ku Khulubvi, ndipo kachisi alipo mpaka lero. Ena amati anatuma akuphawo ndi Lundu, mfumu, ena amati ndi Mlauli yemweyo, zimatengera wakuuza ndani. Koma ona mphwanga, wachiwembu pamenepa alibe nyanga. Ndi malume.

Ndipo za mdimazo usamale nazo. Kwa Mbona nsalu yake ndi yakuda. Chakuda ku kachisi wa mvula ndi mtambo wolemera madzi, ndi moyo. Mlimi akaona kwada bii cha ku phiri mu December sathawa, amakatenga mbewu.

Nachisale: Achimwene Mmang'anja mwandikanda poyabwa. Ine kukhala mu Johannesburg muno, mzinda womwe munthu wakhungu lakuda ankafunika chiphaso kuti ayende usiku, ndiye ndikhale patebulo n'kumamva kuti chakuda chilichonse n'choipa, choyera n'chabwino? Ayi. Vuto lake chinenero chathu chomwe chimatikola. Timati munthu wakuda, malaya ada, kunja kwada, amandida, kuda nkhawa. Kwinaku madzi oyera, mtima woyera, Mzimu Woyera. Ndiye ukalemba "mulungu wa mdima" osaganiza, zonsezo zimalowera limodzi m'thumba.

Dolo wa Yeoville: Achemwali, mwayamba lecture. Ife tikufuna chilombo choti tichimenye Loweruka tipeze golide, basi.

Nachisale: Iwe mlenje wako anagwera m'mbuna yomwe anakumba yekha sabata yatha, khala chete.

Che Mayfair: Salaam kwa nonse. Ine gemuyo sindikuidziwa, ndangotsatira nkhaniyi ndili pa makina osokera. Ndingowonjezera za kwathu kumzikiti. Iblis si mulungu ayi, ndipo ife kunena kuti pali mulungu wachiwiri ndi tchimo lalikulu kuposa onse. Iye ndi cholengedwa, jini wolengedwa ndi moto, amene anakana kugwadira Adam chifukwa chodzikweza, akuti ine wa moto ndigwadire wa dothi? Ndipo mphamvu yogwira munthu pakhosi alibe. Chake n'kunong'oneza basi. Surah yomaliza m'Qur'an, ya 114, ndi yopempha chitetezo kwa wonong'oneza m'zifuwa za anthu, ndipo imamaliza ndi kunena kuti onong'onezawo ali mwa majini ndi mwa anthu. Mwa anthu, mwamva? Ndiye mwana wanga, ngati ukuumba woipa wako, usamupatse minofu. Mupatse mawu otsika.

Wamadayisi: Zikomo Che, ndalemba zimenezo. Mawu otsika.

Aphunzitsi: Popeza atelala alowa, ndiwapatse ya ku Iguputo, imeneyi ndi yawo. Set ndi Osiris anali milungu ya mimba imodzi. Set anayeza mobisa thupi la m'bale wakeyo, n'kukhomesa bokosi lokongola kwambiri la muyeso womwewo. Anakonza phwando, anzake a chiwembu 72 ali pomwepo, n'kunena kuti amene akwanemo bwino m'bokosimu atenga likhale lake. Aliyense kuyesa, wina miyendo kutsalira kunja, wina kuchepa. Osiris atangogonamo, ndendende. Pomwepo chivundikiro phi, misomali, n'kukaliponya mu Nile. Anatilembera mwatsatanetsatane chonchi ndi Mgiriki Plutarch. Koma chodabwitsa n'chakuti Set yemweyo Aiguputo sanamutaye. Usiku uliwonse dzuwa, lomwe ankati Ra, likamadutsa kunsi kwa dziko pa bwato, chinjoka cha mdima chotchedwa Apep chinkafuna kulimeza, ndipo woima kutsogolo kwa bwato ndi mkondo anali Set. Mpaka mafumu ankatchedwa dzina lake, monga Seti, bambo ake a Ramesses wachiwiri. Ndiye ona mmene anagawira: mdima anaupereka kwa njoka, yomwe sankaipembedza, ankangoitemberera. Chiwembu anachipereka kwa m'bale, amene tsiku lina umamufunanso.

Che Mayfair: Aphunzitsi, imeneyo yandigwira. Ine zaka zonsezi ndili ndi tepi m'khosi. Kuti ndikuyeze, uyenera kuima chilili, kukweza manja, ine n'kukuzunguliza tepi pachifuwa, mpweya wako ndikuumva. Mlendo wapanjira sangadziwe muyeso wako. Amene anakhoma bokosilo ndi munthu woti ankalowa mpaka kuchipinda.

Bambo a Yamikani: Ndakhala ndikungowerenga. Sindimalemba kawirikawiri pagulu pano koma iyi ndilembe.

Zaka zingapo zapitazo achemwali anga anandidandaulira kuti mwana wawo wamaliza Form 4, akungokhala, mutengeni malume. Ndinatumiza ya transport. Ndinakamuchingamira ndekha ku Park Station, anatsika ndi kachikwama kamodzi, atavala malaya opyapyala, mu June. Ndinavula jekete langa pomwepo kumuveka. Ku Diepsloot tinkagona mu mkhukhu umodzi, matiresi amodzi, bulangete limodzi, mphepo ikulowa pansi pa malata. Ndinamuphunzitsa kukwera taxi, zala zoimitsira zija, ndinamuphunzitsa kudula kapinga ndi makina, kusamala dziwe losambira. Abwana anga atafuna wothandiza kupenta mpanda ndinapita naye. Ndinkachita kunyadira, ndikuti uyu ndi mwana wanga.

Patatha miyezi inayi, Lolemba m'mawa ndikuthirira maluwa, galimoto ya apolisi inaima pageti. Sanafunse kuti pano pali ma foreigner kapena ayi. Anaitana dzina langa lonse la pa pasipoti, ndi lapakati lomwe, dzina loti ngakhale abwanawo sankalidziwa. Ankadziwanso kuti masiku anga anatha liti. Pasipotiyo inkakhala m'kachitini pansi pa matiresi, ndipo odziwa tinali awiri.

Ndinakhala ku Lindela, komwe amatsekera alendo opanda mapepala, mpaka tsiku lotikweza kubwerera kumudzi. Ndili kumudziko ndinamva kuti mnyamata walowa ntchito yanga, ndipo abwana amupatsa ka chipinda kakuseri komwe ine ndinapempha zaka zitatu osapatsidwa. Sindinanene kanthu kwa achemwali. Ndikanati chiyani, umboni uli kuti?

Ndinabweranso, ndinapeza pena. Patapita zaka ziwiri mayi anatisiya. Ine n'kuti zinthu zisakuyenda, ndinafika kumaliro ndi ya transport yokha. Bokosi anagula ndi iyeyo. Labwino, lonyezimira, la zogwirira zagolide. Anagulanso matumba a chimanga ndi mbuzi. A mfumu poyankhula kumanda anamutchula dzina, akuti ana otere ndi osowa. Ine ndinanyamula nawo bokosilo, iye kutsogolo, ine pambuyo. Pobwera kumanda anatiikira nsima mbale imodzi, malume ndi muphwa wake, monga mwa mwambo. Ananditsukitsa m'manja ndi iyeyo, atagwada.

Ndiye mphwanga, mulungu wakoyo. Usamupatse nyanga. Mupange akhale amene amagula bokosi.

Dolo wa Yeoville: Eish. Madala pepani. Ndasowa chonena.

Mmang'anja: Pepani achimwene. Khoswe ameneyo, woluma n'kumauzira.

Mai a Tadala: Bambo a Yamikani, mwandiliza. Mulungu akuona. Ndipo ndinene, ngakhale gemu yanuyo sindikuivomerezabe, zomwe anenazi zili m'Baibulo. Davide pa Masalimo 41 ndime 9 akudandaula za bwenzi lake lomwe ankalikhulupirira, lomwe linkadya mkate wake, kuti ndi lomwe lamukwezera chidendene. Yudasi naye sanali Mroma. Anali wosunga thumba la ndalama, ndiye kuti ankamukhulupirira kuposa ena. Kawerengeni Yohane 13. Ambuye anasunsa nthongo n'kumupatsa m'manja, iye atalandira anatuluka, ndipo Yohane akuwonjezera mawu ochepa chabe, akuti kunali usiku. Ine ndimati ndikafika pamenepo thupi limachita tsembwe. Mdima uja sunamutume Yudasi ayi. Anaulowa yekha, ndalama 30 zasiliva atapangana kale kusanade.

Aphunzitsi: Mayi, mwalalika kuposa abusa. Ndipo pa Yohane 6 ndime 70 Yesu akunena za Yudasi yemweyo kuti mmodzi wa inu ndi mdierekezi. Liwu la Chigiriki pamenepo ndi diabolos, woneneza, wonamizira mnzake. Amene anamasulira Buku Lopatulika lomwe linatuluka mu 1922, a William Murray ndi anzawo, dzina la Satana anangolibwereka mmene lilili, sanatenge dzina la mzimu uliwonse wa makolo athu n'kuuveka usatana. Tinapulumuka pamenepo.

Pali mzungu wina, Max Marwick, anakhala pakati pa Achewa a kum'mawa kwa Zambia n'kumalemba milandu ya ufiti, buku lake linatuluka mu 1965. Anapeza zomwe agogo aliyense akanamuuza ulele: oganizirana ufiti ambiri ndi a mbumba imodzi, olimbirana chuma cha masiye ndi maudindo. Munthu wa kutali akulodzerenji?

Gogo Rosettenville: Ana inu mukudziwa liwu loti kapirikoni? Ife tinakula nalo. Nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953, kunali bungwe lotchedwa Capricorn Africa Society, analiyambitsa mzungu David Stirling. Anthu a chipani cha Nyasaland African Congress ankaona Mmalawi aliyense woyandikana nalo ngati wogulitsa anzake, ndiye dzinalo linasanduka chitukwano. Kapirikoni sankakhala mzungu. Ankakhala munthu woti mumsonkhano wausiku ali nanu, akuimba nawo mokweza kuposa nonse, m'mawa maina ali kwa DC. Kuno anzathu amati impimpi. Fuko lililonse lili nalo liwu lake.

Wamadayisi: Agogo zikomo, limenelo ndinkangolimva osadziwa kochokera. Nanga Loki, poti anyamata a mafilimu amangotchula iyeyo?

Aphunzitsi: Wa m'mafilimu musiye. Wa m'nthano zakale za ku Iceland, zomwe Snorri Sturluson anasonkhanitsa cha m'ma 1220, ndi wofanana ndi zomwe tikukambazi. Loki ankakhala pakati pa milungu, kudya nawo, ndipo iye ndi Odin, mkulu wa milunguyo, anapangana ubale wa magazi. Kangapo konse ndi iye ankawapulumutsa pa mavuto, ngakhale ambiri mwa mavutowo ankawayambitsa yekha. Tsono Baldr, mwana wokondedwa wa Odin, mayi ake Frigg analumbiritsa zinthu zonse, moto, madzi, chitsulo, miyala, matenda, kuti zisadzamupweteke. Anasiya kachomera kamodzi kokha komera pa nthambi za mitengo ina, ati n'kakang'ono. Loki anadzisandutsa mayi, n'kukacheza ndi Frigg mpaka anaulula yekha. Milungu inkasewera kumugenda Baldr poti palibe chomulasa. M'bale wake Hod, wosaona, anangoima pambali. Loki anapita kwa iye mwachifundo, akuti bwanji iwe sukusewera nawo, tenga aka, ndikulozera ine. Baldr anagwa pomwepo. Dzanja linali la m'bale wake, amene anali mu mdima wa maso, osadziwa chomwe wagwira.

Mmang'anja: Taonani zodabwitsa. Uko kachomera konyozeka, kwathu kabango. Mikondo yonse kulephera.

Nachisale: Chenjezo limodzi kwa mwini nthano wathu, poti ndikumudziwa. Usatenge dzina lenileni la kwathu n'kulipaka zoipazi. Usati Napolo, usati Thunga, njoka ya ku kachisi wa mvula ija, usayerekeze n'komwe za ku dambwe. Napolo anagumula Zomba mu 1946 ndi Phalombe mu 1991, anthu anafa, koma palibe amati ndi wachinyengo, amati wadutsa, akusamuka kuphiri. Zinawachitikira Ayoruba ku Nigeria. Ali ndi Eshu, mthenga wa pamphambano, wonyamula nsembe kupita nazo kwa milungu, wokonda kuyesa anthu. Nthano yake yotchuka, anavala chipewa mbali ina chofiira mbali ina chakuda, n'kudutsa pamalire a minda ya mabwenzi awiri. Wina akuti wadutsa wa chipewa chofiira, wina akuti chakuda, mpaka zibakera, onse akunena zoona. Pomasulira Baibulo m'Chiyoruba, Samuel Ajayi Crowther, Myoruba yemwe anadzakhala bishopu mu 1864, anaika dzina la Eshu pamalo pa Satana. Mpaka lero Ayoruba ena akulimbana nazo kuti Eshu si Satana. Mnzanga wa ku Ibadan kusukulu ukangoiyamba nkhaniyi sugona.

Wamadayisi: Ndamva, dzina likhala lopeka. Ndang'amba masamba atatu aja. Imvani tsono mmene zikubwerera m'mutu, mundikonze.

Milungu 6 ija ndi mbumba imodzi, ndipo imakangana ngati mbumba iliyonse. Wa mvula ndi wa ng'anjo sayankhulana, poti wina amazimitsa mnzake. Ndiye pakufunika woyenda pakati. Wachisanu ndi chiwiriyu ndi nkhoswe yawo. Ndi iye amanyamula mawu kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo, amayanjanitsa, amadziwa za kuchipinda za aliyense. Onse amamukonda. Kachisi alibe, wansembe alibe, chifukwa safuna zooneka. Anthu a m'dzikomo amamudziwa ndi dzina labwino, amati Mwini Nyali, poti ukasochera usiku ndi iye amabwera ndi kamuuni n'kukuperekeza mpaka pakhomo. Ndiye kuti njira ya kwanu waidziwa, ndi pomwe umabisa kiyi. Mdima saubweretsa iye, mdima ndi wa wa mvula, ndi wabwinobwino. Iye amangoufuna kuti nyali yake ikhale ndi ntchito. Dzina lake lenileni, lomwe amalidziwa okhawo amene anawapweteka kale, ndi Mthirakuwiri.

Dolo wa Yeoville: Nkhoswe, khoswe. Kusiyana ndi "n" yekha kkkkk. Aise iyi ndiye yaphedwa.

Che Mayfair: Ankhoswe a pagulu pano musakwiye, mwanayu sakunena inu.

Gogo Rosettenville: Ine ndakhala nkhoswe maukwati asanu ndi limodzi, atatu alipobe. Ndikuyankha mawa ndikapuma.

Mmang'anja: Muwonjezere ichi: asamaname. Bodza limagwidwa. Azinena zoona zokhazokha, koma kwa munthu wolakwika, pa nthawi yolakwika. Amene anaitana apolisi kwa Bambo a Yamikani sananame liwu ngakhale limodzi.

Bambo a Yamikani: Zoona. Masiku anali atathadi.

Aphunzitsi: Ndipo milungu inzake isamuthamangitse ngakhale itamutulukira, monga Set uja. Akachoka iye, wa mvula ndi wa ng'anjo ayankhulana kudzera mwa yani? Chibale ndi fupa. Koma funso langa ndi la pa tebulo: osewera ako amumenya bwanji munthu wopanda kachisi, wopanda asilikali?

Wamadayisi: Samumenya, Aphunzitsi, ndipo pamenepo ndi pomwe pakoma. Lamulo likhala ili. Wosewera aliyense dayisi ikamugwera moipa, mwachitsanzo waponya 2 pomwe chingwe chikuduka ali pakati pa phompho, atha kundilembera kapepala mobisa kuti "ndaitana Mwini Nyali." Ndimulola kuponyanso. Apulumuka. Koma tsoka lomwe walizembalo silitha, ndilisunga m'kope mwanga, ndipo tsiku lina ndidzaligwetsera pa mnzake amene wakhala naye pafupi, osamuuza kuti lachokera kuti. Woitanayo adzadziwa yekha mumtima. Akafuna aulule, akafuna akhale chete n'kuthandiza nawo kunyamula wovulalayo.

Nachisale: Iwe ndiwe mfiti. Ndibwera.

Dolo wa Yeoville: Dikirani kaye. Ine ndimakhala pakati pa Nachisale ndi wosula makasu uja, onse awiri madayisi awo ndi atsoka. Ndiye kuti matsoka onse azigwera ine? Loweruka ndikhala pa mpando wa pakhomo ndekha.

Wamadayisi: Malo ndi omwe aja, sitisintha. Komanso ndingokuuzani, mmodzi mwa inu anayi wandilembera kale kumbali kufunsa ngati angayambe kuitana Loweruka lomweli.

Nachisale: Ndani?

Dolo wa Yeoville: Si ine. Ine foni ili pa 4%, magetsi kulibe chichokereni 6 koloko, ndingathe bwanji kulemba mbali ziwiri.

Nachisale: Wayankha msanga bwanji.

Mai a Tadala: Mwaona? Simunayambe n'komwe, mwayamba kale kukayikirana. Iwe wa madayisi, mayi ako ndiwaimbirabe. Ndipo mukamasewera ndi kandulo musaike pafupi ndi katani, nyumba za ku Turffontein zija ndi zakale, pansi ndi matabwa.

Wamadayisi: Tili ndi nyali yotchaja, anti. Bambo a Yamikani, ngati muli omasuka Loweruka bwerani mudzaonere, timayamba 3 koloko, ndiwo ndi usipa womwe wabwera sabata ino.

Bambo a Yamikani: Ndiweruka 1 koloko. Munditumizire location, koma ine madayisiwo sindigwira.

Transporter Lachisanu: Malo a firiji imodzi atsala.